Liwu langa akuti ndi la malemu

Aphungu,

Kalatayi ndikuilembera pa tebulo lositira, nthawi ya nkhomaliro, chifukwa ndikailembera kunyumba amuna anga aona nkhope yanga n'kuyamba kufunsa. Ndakwiya, Aphungu. Ndili ndi zaka 58 ndipo sindinakwiyepo chonchi, ngakhale tsiku limene kasitomala wina anandiponyera diresi kumaso. Ndimagwira ntchito yosita pa shopu yochapa zovala, ndipo sabata ino anzanga andichotsa pa masuti n'kundiika pa nsalu za pabedi. Akuti dzanja langa likulemera.

Ndiyambire kutali pang'ono kuti mundimvetse.

Ine ndi akulu anga, amene anatisiya zaka ziwiri zapitazo, tinkaimba limodzi kuyambira tili atsikana. Bambo athu anali telala, ndiye anthu ankangotitchula kuti ana a telala. Tinkaimba m'maukwati ndi m'maholo, kulikonse kumene atiitana. Amuna anga ndiwo ankatiimbira gitala, ndipo ndi mmene tinadziwirana. Akulu anga ankakonda kundiseka kuti, "Ukaipa dziwa nyimbo, mng'ono wanga. Taona, wapezerapo mwamuna."

Kaseti tinajambula imodzi yokha, zaka 26 zapitazo. Mkulu wina wokonza mawailesi anatitengera m'chipinda chosungiramo matiresi, kuseri kwa sitolo ya mnzake, akuti matiresi amameza phokoso. Zenera munalibe. Maikolofoni inali imodzi, anaipachika kudenga ndi waya wa hang'ala, ndipo tonse atatu tinaizungulira, thukuta lili kamukamu.

Pa kasetiyo pali nyimbo imene anthu ankaikonda kuposa zonse, ya Mpando wa Pakhomo. Zina zonse tinkaimba awiri, koma iyi aliyense amadziwa kuti ndi ya akulu anga okha. Ili ndi malo atatu pamene woimba amakoka liwu limodzi pamwamba, pa mawu akuti "bwerera", nthawi yaitali osapuma. Pamenepo anthu ankaimirira m'mipando.

Tsopano ndikuuzeni chimene sindinauzepo munthu. Akulu anga anali ndi mphumu kuyambira ali mwana. Liwu lija ankaliyamba bwino, koma likafika pakati mpweya unkawathera. Ndiye tinali ndi njira yathu. Ine ndinkaima pambali pawo nditagwira pepala la mawu a nyimbo, ngati ndikuwathandiza kukumbuka, pepalalo likundibisa pakamwa. Mpweya ukamatha ankandifinya pamkono, ine n'kulowa pa liwu lomwelo, iwo n'kusiya. Mawu athu anali ofanana moti ngakhale mayi athu ankatisokoneza tikaitana tili panja. Pamsoko pamenepo amuna anga ankamenya gitala mwamphamvu kanayi, kuti munthu asamve pamene wina wasiyira ndi pamene wina wayambira, komanso kuti kubanika kwa akulu anga kusamveke. Anthu ankati kameneko ndiye kamenyedwe kawo, mpaka anakapatsa dzina loti matalala. Sankadziwa kuti matalalawo anali chigamba.

Tsiku lojambula, fumbi la matiresi linawatseka pachifuwa, moti kuwonjezera pa malo atatu aja, ndime yomaliza yonse ndinaimba ndine, iwo ataima pomwepo akulimbana ndi mpweya. Titatuluka anakhala pa sitepe, anapopera mankhwala awo m'kamwa, kenako anatiuza kuti, "Izi zithere pakati pa ife atatu. Sindifuna anthu azindiombera m'manja mondimvera chisoni." Ndinalonjeza. Amuna anga analonjeza. Kuyambira tsiku limenelo palibe anatsegulapo pakamwa.

Akulu anga anasiya mwana mmodzi wamwamuna. Panopa ndi bambo wa ana awiri, amakonza mafoni. Kunyumba timamutcha Mabatani, chifukwa ali wamng'ono sankaona batani osalidina. Anazimitsapo zokuzira mawu pakati pa ukwati wa eni ake. Ndinamubereka kumsana ine, mayi ake akakhala kuti chifuwa chawagwira. Miyezi itatu yapitayo anabwera kudzabwereka kaseti ija. Kwathu ndi yokhayo imene yatsala, makope ena anadyedwa ndi mawailesi kapena kusowa posamuka. Anati akufuna kuisamutsira pa kompyuta isanawonongeke. Ndinamukulungira m'mpango n'kumupatsa ndi manja awiri, ndikuti mwana uyu ali ndi nzeru.

Masabata awiri apitawo ndikusita buluku la suti, mnzanga wa pakauntala analowa ndi foni m'manja. "Mayi, si akulu anu awa? Koma anali ndi mapapo a ng'ombe." Pa foni panali chithunzi cha akulu anga chimene Mabatani anaika pa intaneti, pansi pake atalemba kuti: Liwu la mayi anga lokha, patatha zaka 26. Ndinamvetsera. Gitala mulibe. M'malo mwake muli ng'oma za pakompyuta zija zogunda ngati jenereta, ndi kapiyano. Pamwamba pake, "bwerera", liwu langa, la ine wamoyo amene ndinaima pamenepo nditagwira simbi. Anthu m'munsi akulemba kuti mzimu wanu uuse mumtendere, mayi. Wina analemba kuti mawu otere kulibenso, eni ake onse anapita. Mnzanga ndiye anandilanda simbi, buluku litayamba kununkha.

Kuyambira pamenepo sindikupuma. Abale akundiimbira foni kundifunsa ngati ndamva mmene mwana waukitsira mayi ake. Makasitomala amene ankatidziwa akundigwira dzanja pa kauntala, akuti pepaninso. Dalaivala wathu wonyamula zovala waika nyimboyo kuti izilira foni yake ikaitana, ndiye tsiku lonse ndimadzimva ndikukuwa m'thumba la munthu, anthu n'kumapukusa mitu kuti imfa ndi yoipa.

Lamlungu lotsatira masana Mabatani anabwera kunyumba, laputopu ili kukhwapa, akumwetulira ngati watola chikwama. Muyenera kudziwa kuti amuna anga anadwala sitiroko zaka zinayi zapitazo. Dzanja lamanja, lomenyera zingwe, linafa. Amakhala pampando wa pazenera, gitala ili pa msomali pamwamba pa kabati, ine ndimaipukuta Loweruka lililonse. Mabatani anasuntha thireyi ya mankhwala awo n'kuikapo laputopu. Anatifotokozera kuti pali pulogalamu ya nzeru za makina, zija akuti AI, imene umaipatsa nyimbo n'kudikira kanthawi kosakwana kuwiritsa madzi a tiyi, iyo n'kukupatulira, mawu a munthu uku, zoimbira uko. Anationetsa mizere iwiri yokhotakhota pa sikirini. "Wapamwambawu ndi amayi," anatero. "Wapansiwu ndi zakale zija." Anadina batani, gitala n'kuti zii.

Amuna anga salankhula kwambiri masiku ano, lilime limalemera. Anayang'ana sikirini, anayang'ana msomali, kenako anafunsa kuti, "Nanga ine tsiku limenelo ndinali kuti?" Mabatani anaseka, kuyesa nthabwala. Anati, "Bambo aang'ono, ana a masiku ano gitala yotere saimvera."

Ndinadzigwira. Ndinadzigwirabe pamene ankandiuza kuti anawerenga pa wotchi, mayi ake anakoka liwu lija masekondi khumi ndi anayi. Iyenso ali ndi mphumu, anatengera. Anati akabanika kuntchito amamvetsera malo amenewo, n'kudziuza kuti ngati amayi anatha ndi chifuwa chomwechi, nayenso atha. Misozi inali italengeza m'maso. Ndikanati chiyani?

Chimene chinandithyola ndi ichi. Anati atachotsa gitala anapeza kuti pansi pa liwu lalitali lija pali kaphokoso, kakuti fwii, fwii, ngati tayala la njinga likuphwa. Kali malo onse atatu, komanso m'ndime yomaliza yonse. Iye ndi mnzake wa situdiyo anaganiza kuti ndi kukalamba kwa kaseti, ndiye anakhala tsiku lathunthu akukafufuta pamodzipamodzi. "Panopa ayera amayi," anatero, "mulibe ndi kachitsotso komwe."

Aphungu, kaphokoso kameneko ndi mayi ake. Ndi akulu anga akufunafuna mpweya atandigwira pamkono. M'malo amenewo china chilichonse ndi ine. Chawo chinali chokhacho, ndipo mwana wobereka okha wakhala tsiku lonse akuchifufuta ngati litsiro la pa kolala.

Ndinatseka laputopu ija mwamphamvu, pang'ono ndimupane zala. Ndinamuuza kuti atuluke ndi makina ake ofukula maliro. Ndinanenanso zina zimene sindilemba pano. Iye ataima pakhomo anati, "Mayi aang'ono, nsanje mpaka ndi munthu wakufa? Zaka zonse zija munkagwira pepala, lero zikukuwawani kuti amayi akutchuka?"

Munkagwira pepala. Mawu amenewo ndimadzuka nawo, ndimasita nawo.

Patapita masiku atatu ananditumizira uthenga. Akuti ndimukhululukire, analankhula mopanda ulemu. Akuti kumapeto kwa mwezi uno wabwereka holo ya sukulu kuti akaimbitse nyimbo yonse koyamba pamaso pa abale ndi anthu amene ankatidziwa. Akufuna ine, monga munthu amene ndinalipo tsiku lojambula, ndikaime kutsogolo ndikauze anthu kuti limeneli ndi liwu lenileni la akulu anga, chifukwa ena pa intaneti akumunena kuti analipanga ndi kompyuta. Kaseti sanabweze. Sindinamuyankhe.

Amuna anga akuti lonjezo ndi lonjezo, ndipite ndikanene zimene mwana akufuna, ndibwere tidzamwe tiyi. Koma iwo eni ake, kuyambira Lamlungu lija, anandiuza kuti nditsitse gitala pa msomali ndiilowetse pansi pa bedi. Mtima wina ukundiuza kuti ndipite ku holoko, ndikalande maikolofoni, ndikakoke "bwerera" pamaso pa onse. Mapapo ndikadali nawo. Ndayesera m'chipinda chochapira makina akulira, ndafika masekondi khumi ndi awiri. Aone amene ankagwira pepala. Mtima wina ukuti ndikatero ndavula akulu anga pagulu, ndipo mwanayo ndamulanda chimene amapumira.

Ndiuzeni, Aphungu. Ndikaime pamaso pa anthu ndikavomere kuti ndinafa? Ndiswe lonjezo? Nanga makina amenewa, olowa m'nyimbo ya eni ake n'kutayira munthu wamoyo kunja, palibe wowaletsa?

Ine wokwiya,
F.J., m'tauni muno


Mayi F.J.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo nditafika pa funso la amuna anu lija nanenso ndinaika pepala pansi. Mkwiyo wanu uli ndi chifukwa. Koma mwamanga mtolo umodzi, makina, mwana ndi lonjezo, ndipo mukalowa nawo m'holo mtolo wotere mukagwetsa nawo ndi osalakwa omwe. Tiyeni tiumasule.

Tiyambe ndi makina, popeza ndi amene mwawatukwana kwambiri pamene mlandu wawo ndi wochepa. Ndisanakuyankheni ndinawerenga za mapulogalamu amenewa, ndinafunsanso munthu amene amajambula nyimbo. Nyimbo yojambulidwa ndi maikolofoni imodzi ili ngati madzi amene mwachapiramo malaya ofiira ndi abuluu: mitundu yasakanikirana, palibe sefa yoibwezera. Pulogalamuyo nayo sisefa. Inamvetsera nyimbo zambirimbiri mpaka inazolowera mmene liwu la munthu limamvekera ndi mmene chingwe cha gitala chimamvekera, ndiye ikapatsidwa yanu imalingalira kuti apa payenera kukhala munthu, apa chingwe, n'kulemba mizere iwiri. Nthawi zambiri imalondola, nthawi zina imaphonya. Chimene sidziwa n'chakuti munthuyo ndani. Alipo mapulogalamu ena amene amayesa kulekanitsa wotsogolera nyimbo ndi omuvomera, koma munthu ndi mng'ono wake, opatsirana liwu limodzi pa maikolofoni imodzi, amene ankasokoneza mayi wowabereka, musayembekezere kuti kompyuta iwazindikira. Mzere wapamwamba uja unangoti pali munthu. Amene anati "amayi" ndi Mabatani.

Ndipo anatero chifukwa inu atatu munamuphunzitsa choncho. Ndinene mosapsatira mawu: pa nkhani ya liwu, mwanayo sanakubereni kanthu. Munasoka chigamba chanu mwaluso kwa zaka 26, simungakwiyire munthu chifukwa sanaone msoko. Mawu ake a pepala aja ndi achipongwe, ndipo wapepesa, koma ananena zimene maso ake anaona kuyambira ali mwana. Inunso ntchito imene mwana wamasiye anaigwira polira mayi ake munaitcha kufukula maliro, osamuuza chifukwa. Anachoka pakhomo panu akudziwa chinthu chimodzi chokha, kuti mayi ake aang'ono apsa mtima atamva mayi ake akutamandidwa. Mukanakhala inu mukanaganiza chiyani?

Pamene walakwa popanda pothawira ndi pa gitala, ndipo apa nanenso ndakwiya naye. Anabwereka kaseti ponena kuti akukaisunga, n'kukaiphwasula. Anachotsa ntchito ya munthu wamoyo osamufunsa, kenako anabwera kudzamuzimitsa m'nyumba mwake momwe, pa tebulo la mankhwala ake, n'kutcha zala zake "zakale zija". Munthu safunika kudziwa chinsinsi chilichonse kuti aone kuti zimenezi n'zoipa. Batani likakhala losavuta kudina, anthu amaiwala kuti odi akadali wofunika. Mwafunsa ngati pali wowaletsa makinawa. Sizasi saimangira mlandu ikadula nsalu ya eni, amafunsa woigwira. M'maiko ambiri malamulo amapatsa woimba ndi womenya chida mphamvu yonenapo ntchito yawo ikamasinthidwa n'kutulutsidwa kwa anthu, ndipo zitafika poipa, ku ofesi yoona za umwini wa nyimbo angakuuzeni mmene zilili kwanuko. Sindikufuna mufike kumeneko. Mlandu wa kaseti umatha, koma chibale ndi fupa, sichiola.

Pali china chimene simunalembe koma chikumveka m'kalata yonse. Mukufuna munthu mmodzi, ngakhale mmodzi yekha, adziwe kuti munaimba. Imeneyo si nsanje ndipo musachite nayo manyazi. Munabwereketsa mapapo anu kwa zaka zambiri popanda kuomberedwa m'manja, ndipo amene ankadziwa, mmodzi anapita, wina lilime likulemera. Vomerezani kuti mukufuna zimenezo, kuti zisakulamulireni mobisa pa tsiku la holo.

Tsopano lonjezo. Sindikunamizani kuti kuuza Mabatani si kuliswa. Ndi kuliswa ndithu. Koma taonani pamene zinthu zafika. Kale kusunga lonjezo kunali kukhala chete, ndipo kukhala chete kwanu sikunkapweteka munthu. Lero akukupemphani kuti muime pamaso pa anthu mutsimikize chinthu chimene mukudziwa kuti n'choona theka. Akulu anu anakupemphani kutseka pakamwa, sanakutumeni kukachitira umboni wabodza. Bodzalo silingakhalitsenso. Chimene chinkabisa msoko ndi matalala a amuna anu, ndipo lero aliyense wokhala ndi foni angawachotse. Kwanu kaseti yatsala imodzi, koma ina ili m'kabati ya munthu wina amene anaigula kalekale. Tsiku lina wa khutu lakuthwa adzaipatula, n'kufunsa kuti zimatheka bwanji munthu kutulutsa liwu uku akukoka mpweya. Mukufuna Mabatani adzamve kwa mlendo wa pa intaneti, atakumbukira kuti inu munaima m'holo n'kumutsimikizira?

Akulu anu ankaopa kuomberedwa m'manja mwachisoni ndi anthu a m'holo. Ulemu umenewo mungawasungirebe: a m'holo asamve kwa inu. Koma mwana wawo ali ndi chifuwa chawo, ndipo akudziyeza ndi masekondi khumi ndi anayi amene mayi ake sanawakwanitsepo. Mukuti mukamuuza mumulanda chimene amapumira. Ine ndikuona kuti chimene wagwiracho chidzamulemera tsiku limene chifuwa chidzamukana, adzadziona ngati wolephera pamene mayi ake anapambana. Zoona zake n'zakuti mayi ake ankafika pakati pokha, ankadziwa kuti afika pakati pokha, ankakwerabe pa nsanja, ndipo ankadziwa nthawi yofinya mkono wa mnzawo. Munthu wa mphumu phunziro limenelo ndi limene lingamuthandize.

Yambani lero, mwezi ukutha. Muyankheni uthenga wake, koma nkhani yonse musailembe pa foni, mauthenga ali ndi miyendo. Lembani kuti mwalandira kupepesa kwake, kuti nanunso munalankhula mopyola muyezo, ndipo mupemphe zinthu ziwiri: abweze kaseti, ndiponso iye ndi mnzake asafufute fayilo iliyonse, makamaka ya mawu imene inatuluka koyamba asanaiyeretse. Ichi ndiye chachangu kuposa zonse. Anthu a situdiyo kawirikawiri amayeretsa kope n'kusunga fayilo yoyambayo, koma malo akachepa pa kompyuta amataya zakale. Ikakhala kuti yapita musataye mtima, zonse zikadali pa kaseti ndipo pulogalamuyo ingapatulenso. N'chifukwa chake kasetiyo ikabwera musaiyesere m'wailesi yakale yodya matepi, musaisiye padzuwa kapena pafupi ndi simbi. Muuzeni akupatseninso kope la pakompyuta losakhudzidwa, la anthu atatu, mulisunge malo awiri.

Kenako khalani pansi ndi amuna anu. Munalonjeza awiri, ndiye musaswe nokha iwo n'kudzamvera kwa mwana. Munthu amene wabisa gitala yake pansi pa bedi sakunena za mumtima akamati mungobwera mudzamwe tiyi. Auzeni chifukwa chake. Akazengereza apatseni masiku awiri, koma adziwe kuti ku holo simukanama. Mukagwirizana, muitaneni Mabatani yekha, popanda mkazi wake kapena mnzake wa situdiyo, tsiku la holo lisanayandikire. Nkhanga zinapangana kusanapse. Asanakhale n'komwe pampando, apepese kwa bambo ake aang'ono.

Za ku holo asankhe iye atadziwa zonse. Angaimbitse nyimbo ya pa kaseti mmene inalili, gitala ili momwemo. Angatulutse yake yatsopanoyo atapempha amuna anu, n'kulembapo kuti ana a telala, dzina limene ndi loona ndipo silivula munthu. Inu mukaitanidwa kutsogolo mungathe kunena ndi mtima woyera kuti munalipo, kuti palibe kompyuta imene inapanga liwu limenelo, kuti linatuluka m'chipinda cha matiresi tsiku lotentha. Zonsezo n'zoona. Akakana n'kuumirira kuti munene mawu ake aja, musapite, ndipo mumuuziretu mwaulemu kuti simupita.

Chenjezo langa ndi ili: maikolofoni ya ku holo musailande. Ndikukhulupirira kuti masekondi khumi ndi awiri muli nawo, ndipo anthu angaimirire m'mipando ngati kale. Koma mukatero mwana adzamva za mayi ake nthawi imodzi ndi holo yonse, ena atakweza mafoni, ndipo chisoni chimene akulu anu anachikana moyo wawo wonse chidzawatsatira kumanda. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Musayembekezerenso kuti akuthokozani tsiku lomwelo. Angakwiye, angakane, angasowe mwezi wathunthu. Msiyeni, khomo likhale lotsegula.

Ndipo akabwera, musayambe ndi kufotokoza. Mawu ambiri adzawamva ngati nsanje ija. Muuzeni atsegule fayilo yosayeretsedwa, avale mahedifoni, inu mukhale pambali pake. Liwu likafika pakati, pamene kaphokoso kamayambira, mufinyeni pamkono mmene ankakufinyirani inu. Iye ali ndi mphumu. Phokoso la chifuwa chotsekeka amalidziwa kuposa inu ndi ine, anangolephera kulizindikira chifukwa sanayembekezere kulipeza pamenepo. Akavula mahedifoni n'kukuyang'anani, muuzeni kuti: awo ndiwo amayi ako, usawafufutenso.

Phungu wanu